Wotchi Pamwamba pa Nduna

Kale, masiku amene boma linali ngati phiri, loti umabadwa ukuliona ndipo umakalamba likadali pomwepo, nkhani ngati iyi sinkakambidwa mazenera ali otsegula. Koma lero ndi Lamulungu, tachoka kutchalitchi, mvula ya kuno kwa azungu ku Springburn ikugwa monga mwa ntchito yake, ndiye khalani pansi ndiyambe ndaona amene alipo. Chikondi alipo, ngakhale maso ali pa foni. Ayila ndi Mphatso alipo, ndipo nsapato avula, zikomo. Mayi wawo Tadala ali kukhitchiniko, akuti akutsuka mbale, koma madzi sakumveka, ndiye tidziwe kuti khutu lili kuno. Enelesi, mayi wa Chikondi, palibe. Ali pa ntchito kuchipatala, ameneyo alibe mlandu. Bambo wanu Kalamu, inu awirinu, palibenso. Akuti apita ku mpira, ndipo aka ndi kachitatu chaka chino kusankha mpira pa tsiku langa. Sindikudandaula. Ndikungosunga.

Iwe Ayila wandifunsa m'mawa muja, m'Chingerezi chako chotulukira m'mphuno, kuti bwanji agogo amapachika chithunzi cha nduna yaikulu pabalaza, pansi pa wotchi, pamene kwa anzako amapachika zithunzi za agalu. Wafunsa bwino. Khoma limeneli lidatsala pang'ono kukulepheretsani kubadwa, iwe ndi mng'ono wakoyu.

Ine sukulu ndidalekeza Sitandade 2, koma za maboma musandiyese mbuli, chifukwa ndawadyera mchere ambiri. Ifenso kwathu tidakhalapo nayo nduna yaikulu, imodzi yokha basi, ine ndili kamtsikana kotunga madzi. Sipadapite zaka zambiri idasintha dzina la mpando n'kukhala pulezidenti, ndipo pambuyo pake tidauzidwa kuti mpandowo ndi wamuyaya. Kuno mumasintha atsogoleri ngati matewera a mwana, koma ine ndidatha msinkhu, ndidakwatiwa, ndidabereka ana asanu, ndidaika awiri m'manda, nkhope pakhoma ili yomweyo.

Agogo anu aamuna, malemu a Bizwiki, anali ndi kagolosale kwathu ku Ntcheu, ka sopo, mchere, palafini ndi machesi. Masiku amenewo sitolo iliyonse inkayenera kukhala ndi chithunzi cha mtsogoleri, ndipo panalibe chololedwa kukhala pamwamba pake, kaya kalendala, kaya galasi, kaya chiyani. Tsono agogo anuwo adagula wotchi kwa munthu wina wochokera ku Joni, wotchi yokongola yolira ngati belu la sukulu, ndipo adangoikoleka pa msomali umene udalipo kale. Msomaliwo unali pamwamba pa chithunzi ndi zala zinayi zokha. Onani dzanja langali. Zala zinayi.

Tsiku la msika adalowa anyamata ogulitsa makhadi a chipani, ndipo mmodzi adatenga bango n'kuyeza khoma ngati mmisiri. Adati, “Bambo, m'sitolo muno wamkulu ndani, mwini dziko kapena wotchi?”

Agogo anu anali munthu wanthabwala, pakamwa posakhala chete ngati pako Mphatso. Adayankha kuti, “Wamkulu ndi mwini dziko, achimwene, kungoti nthawi yotsegulira sitolo amandiuza ndi winayo.”

Adaseka okha. Wotchi idapita, sitolo idatsekedwa miyezi itatu, ndipo iwo adatengedwa n'kubwerako patatha masiku khumi ndi limodzi, khutu lakumanzere litatsalira komweko. Kuyambira pamenepo ukafuna kuwapempha ndalama ya chigayo umaima kudzanja lamanja, ndipo iwo, pochenjera, ankakutembenuzira khutu logontha lija. Musaseke kwambiri, ine ndinkalira.

Kuchokera tsiku limenelo nkhani za khoma ndidazitenga ndine. Zipani zambiri zitabwera, mtsogoleri n'kusintha, anzathu adataya zithunzi zakale kudzala akuvina, koma ine ayi. Ndidatsegula felemu ya chithunzi chija kumbuyo, n'kuika watsopano patsogolo, wakale n'kumusiya m'kati momwemo, chifukwa boma lili ngati chifuwa, umati chatha koma mphepo ikangowomba chabwerera. Atabweranso wina ndidachita chimodzimodzi.

Chikondi atabadwa, Enelesi adandiitana kuno kuti ndidzalere, ndipo felemu ija ndidaikulunga m'zitenje n'kukwera nayo ndege. Nditalowa m'nyumba muno ndidayang'ana khoma, mtima udangoti phwii. Panali kalendala ya mpingo ndi chithunzi cha iye mwini atavala zaunesi, basi.

Ndidati, “Enelesi, mwini dziko ali kuti?”

Adati, “Amayi, kuno kulibe zimenezo.”

Ndidati, “Kulibe kwa eni ake. Ife mapepala athu ndi obwereka. Akabwera oyendera nyumba udzawauza chiyani?”

Adaseka mpaka kukhala pansi, koma ine sindidaseke. Vuto linali loti kuno atsogoleri ndi ambiri ngati ophika pa maliro. Inalipo mfumukazi, koma adandiuza kuti iyo imangokweza dzanja pa galimoto. Inalipo nduna ya ku Edinburgh, inaliponso ya ku London. Mapanga awiri avumbwitsa, ndiye ndidafunsa funso limodzi lokha: chidindo cha m'pasipoti mwanga chimachokera kwa ndani? Atati ku London, ndidatenga lumo n'kudula nkhope yake m'nyuzipepala.

Mayina awo musandifunse, amandiluma lilime. Ine ndimawadziwa ndi zochitika za m'nyumba muno. Woyambayo ndi wa matewera a Chikondi. Tsiku lina wailesi yakanema idati akutula pansi udindo, ndipo ine, podziwa mmene maboma amagwera, ndidathamangira kusitolo kukagula shuga, mchere ndi makandulo, bafa ndidadzaza madzi, Enelesi ndidamuletsa kupita kuntchito koma adandizemba. Ndidakhala pa mpando uwu, mwana kumsana, kudikira mfuti. Tikuonera pa kanema, munthu uja adatuluka pa chitseko chakuda cha nyumba ya nduna, adakweza dzanja, adakwera galimoto, ndipo tsiku lomwelo mnzake adalowa pa chitseko chomwecho akumwetulira. Basi idadutsa pa nthawi yake. Wamakalata adabwera akuimba mluzu. Ndidafunsa kuti asilikali afika liti, Enelesi adati, “Amayi, zatha kale.” Shuga ameneyo tidamwera tiyi mpaka Khirisimasi. Wachiwiriyo ndiye wa shuga.

Tsono tafika pa wachitatu, amene ndi wa ukwati wa mayi wanu. Tadala anali atabwera kudzagwira ntchito yosamala okalamba, ndipo kumeneko adakumana ndi mnyamata wokonza magetsi, wamtali ngati mlongoti, wofiira m'makutu, Kalamu. Adagwirizana. Ine ndidati chabwino, koma mwana wanga satengedwa ngati ambulera yoiwalika m'basi, pakhale ankhoswe. Malume ake ali ku Ntcheu, choncho tidapempha a Kamwendo, mkulu wa mpingo amene ankayendetsa basi, kuti atiimire ndi kutimasulira. Kuchimuna kunali bambo ake a Kalamu okha, a Dankani, agogo anu aja a ndevu zoyera, mayi atamwalira kale. Tidapangana Loweruka loti adzaone kwathu.

Masiku omwewo kunali kutachitika chisankho, ndipo kudalowa chipani china. Ine sindinkadziwa kuti chipani chimenecho kuno ku Springburn ngakhale galu sachigwedezera mchira. Ndidangoganiza kuti kukubwera eni dziko, aone kuti akukwatira kwa anthu omvera boma. Ulendo umenewu sindidadule m'nyuzipepala ayi, ndidakajambulitsa chithunzi chachikulu chamitundu, galasi ndidalipukuta ndi viniga, ndidazunguliza maluwa a pulasitiki, ndipo sofa ndidaikoka kuti mlendo akakhala ayang'anizane ndi nduna maso ndi maso. Enelesi anali kuntchito, Tadala adapita kukatenga alendo, panalibe wondigwira dzanja.

A Dankani adalowa atavala suti yonunkha m'bokosi, chipewa m'manja, adandipatsa moni mwaulemu, adakhala pansi. Ndidathira tiyi. Adakweza kapu, adakwezanso maso, ndipo ndidaona munthu akusanduka phwetekere kuyambira m'khosi mpaka pa dazi. Adalankhula mawu ochepa okha, olemera ngati miyala.

Ndidati, “Akuti chiyani, a Kamwendo?”

A Kamwendo adati, “Akuti nyumba ndi yaukhondo, mayi.”

Koma woyamikira ukhondo savala chipewa m'nyumba. Adaika kapu pansi osalawa, adatuluka, Kalamu pambuyo akuitana. Tadala adagwira mutu n'kuti, “Amayi, mwandiphera ukwati!” Ine ndidayang'ana makeke anga, ndidayang'ana nduna, osadziwa amene walakwa.

Uthenga udabwera mawa lake. A Dankani adauza mwana wawo kuti akwatire amene akufuna, koma iwo sadzakhala pa tebulo limodzi ndi anthu oikira maluwa chipani chimene chija, ndipo ku ukwati sadzapondako. Kalamu, mwana mmodzi yekha, adati sangakwatire bambo ake kulibe. Inenso ndidati popanda wamkulu wakuchimuna palibe chinkhoswe, chifukwa mawa akadzayambana tidzakagogoda kwa ndani? Milungu iwiri m'nyumba muno munalibe wolankhula ndi mnzake. Tadala adaonda, maso ngati a nkhuku yodwala chitopa. Iwe uli kukhitchiniwe, ndikunama?

Ndidaona kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Ndidatsitsa felemu, ndidaikulunga m'chitenje, ndidaitana a Kamwendo, tidapita. A Dankani ankakhala m'nyumba yosanja ya chitatu, yopanda chikepe, ndipo ndidafika pamwamba bondo likulira ngati chitseko. Atatsegula, ine monga mwa mwambo wa wopepesa ndidakhala pansi pakhomo pomwepo, miyendo tambalale. Iwo adayesa ndakomoka. Adakuwa, adandigwira m'khwapa, adayamba kundikoka, anthu oyandikana nawo atatuluka, wina akuti madzi, wina akuti ambulansi, a Kamwendo akufotokoza kuti ndi ulemu chabe. Tidalowa m'nyumba chokokana choncho, ndipo mkwiyo wina udathera pa masitepe.

Adayamba ndi iwo kulankhula, a Kamwendo akumasulira. Adati dera lino lonse linali lopanga mitu ya sitima za pamtunda. Agogo awo adaumba mitu ya sitima, bambo awo chimodzimodzi, iwonso adalowa ali mnyamata, ndipo sitima za kuno zinkapita maiko akutali, mwina ndi zomwezo zinkadutsa pa Balaka ife tikuzikweza manja. Kenaka ntchito idayamba kutha, anthu adauzidwa kuti azipita kwawo, ndipo iwo mlandu wonse adausenzetsa chipani chimene chinkalamula nthawi imeneyo. Kaya zinali choncho kaya ayi, ine sindidaliko, koma ndidadziwa kuti nawonso ali ndi khutu lawo limene lidatsalira kwina.

Nthawi yanga itakwana ndidapempha mpeni wopakira batala. Ndidatsegula felemu kumbuyo n'kuyamba kuwatulutsa mmodzimmodzi: wa maluwa uja, wa shuga, wa matewera, kenaka atatu akwathu, womaliza atachita chikasu ndi ukalamba. Ndidawayala pa tebulo ngati usipa pa msika.

Ndidati, “A Kamwendo, afunseni ngati mkazi mmodzi angakonde amuna asanu ndi mmodzi.”

A Kamwendo adati, “Mayi, ine ndine mkulu wa mpingo, zimenezo sizimasulirika.”

Ndidati, “Masulirani, Mulungu akumva Chichewa kale.”

Ndiye ndidafotokoza za golosale, za bango, za wotchi yolira ngati belu. Ine ndinkayenda mtunda wautali, a Kamwendo n'kumasulira mawu atatu, mpaka ndidawatsina pa mkono kuti asadye nkhani yanga panjira. Pofika pa zala zinayi sindidafunenso womasulira. Ndidaimirira, ndidaika dzanja pa khoma lawo, ndidaloza khutu langa lakumanzere.

A Dankani adafunsa, “Chifukwa cha wotchi?”

Ndidati, “Wotchi.”

Adaloza wa maluwa uja. “Tsono uyu simumukonda?”

Ndidati, “Sindimudziwa n'komwe. Chithunzi si chikondi, bambo, ndi mpanda. Munthu samanga mpanda chifukwa chokonda fisi.”

Apa a Kamwendo adamasulira bwino, chifukwa a Dankani adaseka mpaka chifuwa chidawagwira, misozi mbwee, akumenya tebulo, atsogoleri anga akudumphadumpha. Atapuma adati, “Mayi, mukuopa uyu? Uyu ndi waganyu. Anthu amulemba kuti alime ndime yake, akalephera achotsedwa, ndipo ine sindidamulembe nawo.” Adaimirira n'kukatereka ketulo, ndipo tiyi wa tsiku limenelo adamwedwa mpaka pansi pa kapu.

M'mawa mwake ndidamva kugogoda. Ndi a Dankani, makwerero paphewa, hamala m'thumba, kabokosi kukhwapa. M'kabokosimo munali wotchi iyi mukuionayi, imene bambo awo adapatsidwa popuma ntchito ya sitima. Adabwezera felemu pamalo pake, maluwa adandipatsa m'manja, kenaka adakwera n'kukhoma msomali pamwamba pa mutu wa nduna. Osati zala zinayi, ana inu. Mkono wathunthu.

Ndidakuwa kuti, “Tsitsani! Mutiphetsa!”

Tadala adamasulira akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Iwo adati ikhale sabata imodzi, ndipo akabwera wina kudzafunsa, ndimutumize kwa iwo, nyumba ya chitatu, akakwere yekha masitepe. Sabata imeneyo chikwama changa chinali chomangamanga kuseri kwa chitseko, mankhwala a bondo pamwamba. Lachinayi kudabwera mzungu wa yunifolomu, kabuku m'manja, ndipo ndidati basi, kwatha. Adalowa, adawerenga mita ya magetsi, adayang'ana khoma, adayang'ana pa mkono pake, n'kukonza wotchi yake kuti ifanane ndi yathu. Nduna sadaipatse ngakhale moni.

Chinkhoswe tidachitira mu holo ya mpingo ku Gorbals. Mwambo umati akuchimuna apereke tambala, akuchikazi apereke msoti, koma kuno nkhuku yamoyo uipeza kuti? Tidakagula zosonsola kale ku Pollokshields, zozizira ngati mwala. Yathu tidati ndi msoti, palibe adatsutsa. Koma yawo itabwera yopanda mutu, yopanda lipombo, ndidafunsa kuti tidziwa bwanji kuti ndi tambala? A Dankani adaitembenuza uku ndi uku, adakanda dazi, adavomera kuti umboni palibe. Tidagwirizana pamaso pa ankhoswe kuti mwambo upitirire, tambala wolira adzabwera pambuyo. Kuyambira tsiku limenelo ndidayamba kuwaitana kuti asewere, ndipo iwo ankayankha kuti “asiweri,” ine osawakonza.

Zitatero, nduna ikangogwa, asewere ankafika ndi makwerero ndi paketi ya mabisiketi ngati akubwera ku phwando. Adagwa wa ukwati, tidaika mayi uja wa opaleshoni ya bondo langa. Adagwa iyeyo, tidaika wa matenda aja otitsekera m'nyumba. Wotsatira wake ndiye adatichititsa manyazi, chifukwa asewere adasiya makwerero kuno kuti adzawatenga akapeza mpata, ndipo mpata usanapezeke tidawakweranso. Tidalibe ndi nthawi yomupatsa dzina. Felemu idanenepa mpaka kumbuyo timamanga ndi mphira, koma wotchi sidatsikepo ndi tsiku limodzi. Amene ali pamenepo leroyu tidamuika asewere atagona kale kumanda, ndipo mabisiketi ndidagula ndekha koma sadandikomere.

Chimodzi simuchidziwa. Tsiku lokhoma msomali lija, asewere adati wotchi si yaulere. Malipiro ake adati ndi akuti tsiku lina ndidzakalipire wandale maso ndi maso, kamodzi kokha, ndimve mmene zimakomera. Ndidavomera. Chisankho china adagogoda mnyamata wa tayi, mapepala m'manja, akupempha mavoti, ndipo mwamwayi asewere anali pompano. Adaima kumbuyo kwanga n'kumandikankha ndi chigongono. Mawu ndinali nawo okonzakonza, a basi yathu imene adaichotsa, a chinyontho cha m'bafa, a mzere wa kwa dokotala. Ndidatsegula pakamwa, ndipo chimene chidatuluka ndi “Zikomo bwana, lowani mumwe tiyi.” Mnyamatayo adadya makeke anayi. Asewere adakhala pa sofa atagwira mutu ngati ali pa maliro.

Ndiye ana inu, mukaona nkhalamba ikuchita chinthu chopusa, musafulumire kuseka, yambani mwafunsa chimene chidailuma. Komanso mantha athu musawalandire ngati chuma chamasiye, si anu. Inu mwabadwira kumene mtsogoleri amatuluka yekha pakhomo atanyamula makatoni ake. Iwe Chikondi wakwana msinkhu wovota, ndipo ndamva ukunena kuti onse ndi amodzi, sudzapita. Mwina ndi amodzi. Koma waganyu wosayenderedwa amagona m'munda, ndipo akagona nthawi yaitali amadzuka akuti mundawo ndi wake. Udzapita, ndipo udzandigwira mkono pa masitepe.

Tsono zotsala ndi izi, mumve nonse, chifukwa mlandu suwola. Akuchimuna sadapereke tambala wolira. Asewere adapita osabweza, ndiye ngongoleyo yagwera Kalamu, ndipo mukamuuze kuti wa m'firiji sindilandira. A Kamwendo sindidawapepese pa kuwatsina kuja, ndidzawapepesa Lamulungu likubwerali. Makwerero a asewere akadali kuseri kwa kabati, mwini wake palibe, ndipo sindikudziwa wobwezera. Yaikulu ndi yanga: wotchi iyi ndaiwerengera nthawi zaka zonsezi osalipira. Chisankho chikayandikira adzagogoda wina wa tayi. Musadzatsegule inu. Mudzandiitane, mudzaime kumbuyo kwanga, ndipo ketulo asadzayatse munthu.